Amphaka a Malemu ndi Jekete Yomwe Ndinabisa

Amphaka awiriwo anabwera nawo ndi malemu amuna anga kuchokera ku Chikangawa, komwe ankacheka matabwa. Anali tiana ta mimba imodzi, wina wakuda, wina wamawanga. Zaka zonsezo ankadyera mbale imodzi, n'kumagona mogundana pathumba la chimanga.

Maliro atatha, alamu anga a ku Embangweni anapempha kuti ndiwabwereke wamawanga. "Mlamu, makoswe andithera chimanga chomene. Masabata awiri okha." Nthawi imeneyo ndinalibe mphamvu zokana kanthu. Anakhala naye mwezi wathunthu.

Tsiku lomwe anamubweza, wakuda anamununkhiza kamodzi, ubweya n'kuima, mbwenu nkhondo. Anagubuduzana mpaka kugwetsa ndowa ya madzi. Ndinalowetsapo dzanja kuti ndileretse, chipsera chake ndili nacho mpaka lero.

Ndinakalipa, ndinawathira madzi, osathandiza. Ndiye wina kuchipinda, wina kukhitchini, chitseko chotseka nthawi zonse. Kutuluka kukatunga madzi, kuyamba ndaona kaye kuti wina ali kuti. Ndinatopa.

Mayi woyandikana nane nyumba, namwino wochokera ku Dedza, anamva phokoso n'kubwera.

"Amayi, wakudayu sakumudziwanso m'bale wake. Wamawangayu akununkha utsi wa kwa eni. Pezani nsalu yokhala ndi fungo lakale la m'nyumba muno, muziwapukuta nayo onse awiri. Zikakanika, wina mum'pereke basi."

"Ndipereke uti? Onse ndi a malemu bambo."

"Ndiye pezani nsaluyo."

Koma pambuyo pa maliro zonse zinachapidwa, ndipo zovala za malemu abale awo anagawana monga mwa mwambo. Inatsala jekete imodzi yomwe ndinabisa kunsi kwa matiresi, yosachapa. Inkanunkha utuchi wa paini ndi thukuta lawo. Zikandivuta ndinkaitulutsa n'kubisamo nkhope. Palibe ankadziwa.

Ndinazengereza masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinaiwala kutseka chitseko, wakuda n'kung'amba khutu la mnzake, magazi pasimenti. Ndinakatenga jekete ija.

Ndinkapukuta wina, kenako wina, m'mawa ndi masana, ndikatha n'kuisiya pakhomo la pakati. Wakuda anayamba kugonapo. Kenako wamawanga, mbali inayo ya chitseko, ankakokako mkono wa jeketeyo ndi zikhadabo. Patatha sabata ndi theka ndinatsegula. Anayang'anizana, anauzirana ukali pang'ono, n'kupatukana.

Sanabwererenso monga kale. Amadya m'chipinda chimodzi, koma aliyense mbale yake, ndipo akakumana pakhomo wina amapatuka. Palibe amene ndinapereka.

Jekete ija ndinainunkhiza tsiku lina, inali mphaka yekhayekha. Ndinafunafuna fungo la malemu m'khosi, m'matumba, osapezamo kanthu. Loweruka ndinaichapa ndi sopo, n'kuiyanika pachingwe panja, aliyense wodutsa n'kumaiona.