Mtedza wa Amayi pa Al Rigga

Nyengo yozizira, alendo atachuluka ku Dubai, ndinapeza ganyu yogawa timapepala toitanira anthu ku bala. Amayi kumudzi ndinawauza kuti ndimagwira mu ofesi.

Tsiku lina masana pa msewu wa Al Rigga, ndinapatsa kapepala bambo wina osawayang'ana nkhope. Anali a Phiri, mkulu wa mpingo wa kwathu ku Dedza, amene anabwera kudzagwira ntchito yaulonda.

"Iwe, si iwe mwana wa a Nabanda?"

Ndinawayankha m'Chingerezi kuti ndine wa ku Kenya.

Anapinda kapepalako bwinobwino. "Pepani achimwene. Mayi ake a mnyamatayo anandipatsira mtedza wake."

Ndinangoyang'ana kumbali ngati sindikumva, iwo n'kumapita.

Mpaka lero amayi akaimba foni amafunsa ngati mtedzawo unakoma. Ine ndimati unakoma kwambiri.