Apongozi Pachopondera cha Buleki

Ndili mkamwini kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, ndinkayendetsa thirakitala yakale ya kalabu yathu ya alimi a mpunga. Tsiku lina, mpunga wapakhomo uli m'milu kudambo, mitambo inayamba kuda, ndipo buleki inafewa ngati papaya wakupsa. Njira ya kudamboko ndi yotsetsereka, kumunsi kwake kuli kamlatho kamitengo. Kutsika choncho kunali kudzikumbira manda, koma kudikiranso kunali kuoletsa chakudya cha chaka chonse.

Mafuta a buleki ndinawapeza atachepa. Nditalondola madontho, ndinaona kapaipi kobooka pamene kankakhulana ndi chitsulo. Ndinakasintha n'kuthira mafuta ena, koma chopondera chinkangomirabe. Mpweya unali utalowa m'mapaipi, ndipo kuuchotsa kumafuna anthu awiri: wina kupopa chopondera, wina pansi kumasula kanati. Mudzi wonse, ndi mkazi wanga yemwe, unali kumaliro kutsidya. Ndinapsa mtima n'kuponya sipanala kutali.

Pakhomo panatsala apongozi anga aakazi okha chifukwa cha bondo lotupa. Mwamwambo sitinkayang'anana. Tikakumana m'njira wina ankapatuka, mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga.

"Bambo, sipanala yalakwanji?" anafunsa akuyang'ana mtengo wa mango.

Ndinafotokoza maso ali pansi. Anangomanga chitenje molimba, n'kukwera pathirakitala pang'onopang'ono, akubuula. Ine ndinathawira kunsi kwa thirakitala, manyazi atandigwira.

"Popani, amayi. Tsopano gwirani pomwepo, musasiye!"

"Ndagwira! Fulumirani, mwendowu si wa mtsikana."

Ndinamasula kanati, mafuta anatuluka ndi thovu, ndinamanganso. Tinabwereza mbali zonse ziwiri, ine kulamula apongozi ngati woyang'anira ganyu, mpaka thovu linatha.

"Chalimba!" anakuwa. "Chikukana kutsika."

Ndinati atsike akapumitse bondo. Anatsikadi, koma n'kukakwera m'ngolo.

"Ndapopa ndine. Ngati talakwitsa, tikagwere limodzi."

Potsetsereka paja ndinayendetsa mosamala, poti kumbuyo ndinanyamula mayi wa mkazi wanga. Ndinaponda buleki. Nkhalamba ya thirakitala inalira, n'kuima bwinobwino tisanafike pakamlatho. Tinakweza mpunga tili awiri, iwo akukoka mitolo chokhala pansi, ndipo mvula inatipeza tikulowa pakhomo, lona ili pamwamba.

Bondo lija linawagoneka masiku ambiri pambuyo pake, osadandaula ngakhale kamodzi. Ndimawayamika mpaka lero. Chaka chimenecho ana anga sanagone ndi njala.