Tsiku Limene Bisha Inaimirira

Ndinagwira ntchito zaka zambiri pa sekeretariya, ofesi ya boma ku Mualadzi, yolemba makalata pamakina. Moyang'anana ndi ine munkakhala abambo ena achikulire, olemba za obadwa ndi omwalira. Anali ndi khalidwe limodzi londipsetsa mtima. Pepala la imfa likafika patebulo pawo, asanamenye karimbo, chidindo cha boma, ankaimirira, n'kuvula magalasi, n'kunena pemphero lopemphera womwalirayo mpumulo wosatha. Sankafunsa kuti anali wa mpingo wanji. Kaya bisha, mzere wa anthu odikira, yafika mpaka pamtengo wa mango, iwo analibe nazo ntchito.

"Abambo, kodi muno ndi m'tchalitchi?" ndinkatero ine njala ikandipweteka.

"Mayi, munthu akuchotsedwa m'buku la amoyo. Ndimuchotse ndili chikhalire?"

Kenaka kunabwera a shefi atsopano, mkulu wa ofesi wochokera ku Tete, mayi wachitsikana koma wosaseka ndi ntchito. Anati boma lilibe mpingo, ndipo sananame, poti pabisha pamaima anthu a zipembedzo zonse. Anachotsa kamtanda kamene kanali pakhoma. A shefiwo anawachenjeza abambo aja kawiri, ndipo kachiwiriko anawauza ine ndikumva kuti akadzamvanso pempherolo adzawalembera porosesu, mlandu wochotsetsa munthu ntchito. Apo n'kuti patatsala miyezi yochepa kuti abambowo apume pantchito. Ndinawanyengerera kuti, "Muzipemphera chamumtima, Mulungu si gonthi."

Lolemba lina m'mawa kunafika mayi wina wokalamba, fumbi lili mpaka m'mawondo. Anadzalembetsa imfa ya amuna awo, amene anathawa nawo nkhondo kupita ku Zambia n'kubwerako limodzi. A shefi anali chilili pakhomo la chipinda chawo.

Abambo aja analemba mosafulumira. Anatenga karimbo, n'kuiikanso pansi. Anaimirira, navula magalasi. Ndinati mumtima, basi, ntchito yathera pompa. Koma pakamwa anatseka, milomo osagwedeza n'komwe.

Ndiye kumbuyo kwa bisha bambo wina, chipewa chili pachifuwa, anayamba pemphero lija. Mayi wina wobereka mwana analandira. Okhala pabenchi anaimirira, a kunja kwa zenera nawonso analowerera, ngakhale ena amene ndikudziwa kuti Lamulungu amapita kwina. Abale inu, mawu onse ankawadziwa! Zaka zonsezo ine ndinkayesa kuti anthuwa amanyansidwa ndi kuchedwa ngati ine, osaganiza kuti ambiri a iwo anabwerapo ndi pepala la m'bale wawo. Ndinangozindikira ndaimirira, ine wolongolola uja, misozi ikudonthera pamakina. Anthu atati Amen, abambo aja anamenya karimbo, n'kupereka pepala kwa mayiwo ndi manja awiri.

Bisha itachepa a shefi anabwera patebulo panga. "Ikani pepala m'makina, tilembe zachitikazi." Ndinaika pepalalo. Iwo anayang'ana kunja nthawi yaitali, kumene mayi wokalamba uja ankakulunga pepala lawo m'kansalu.

"Inu mwawamva akupemphera abambowa?"

"Ayi, a shefi. Sanatsegule pakamwa."

"Inenso sindinawamve. Nanga porosesu ndilembere bisha yonse?" Anapukuta m'maso ndi chala. "Tulutsani pepalalo."

Abambo aja anapuma pantchito nthawi yawo itakwana. Amene analowa m'malo mwawo si munthu wopemphera, kamtanda kajanso sikanabwerere pakhoma. Koma pepala la imfa likafika amayamba wadikira, karimbo ili m'manja, chifukwa anthu amakhala ataimirira kale.