Tsiku Limene Ndinakana Kupachika Atate

Mailo mdzukulu wanga anandifunsa chifukwa chake Azungu amati "hang up" podula foni, pomwe iye amangodina ndi chala. Ndinaseka, mtima n'kubwelela ku positi ofesi ya ku Petauke.

Ndili mwana, atate ankagwila ntchito ku migodi ya ku Kitwe, ndipo anatumiza mau akuti tikayembekeze lamya yao ku positiko. Amai atatha kulankhula, anandipatsa chogwilila cha lamya chakuda, cholemela, chonunkha thukuta la manja a anthu. Mau a atate anamveka aang'ono ngati njuchi m'botolo. Ine ndinkaganiza kuti ali m'katimo.

Kenaka kalaliki, a Mwanza, anati, "Hang up, mwana, pali ena pamzele."

Kusukulu tinali titaphunzila kuti "hang" ndi kupachika. Ndinakumbatila chogwililacho ndikulila. "Musawapachike atate!"

A Mwanza anagwada, nandionetsa kambedza kachitsulo pambali pa lamyayo. "Timangokoleka apa ngati jekete, mwana wanga. Apa m'pamene panachokela mau akuti 'hang up'."

Ndinakoleka pang'onopang'ono kuti atate asapweteke.

Nditakula m'pamene atate anandiuza kuti tsiku lija iwo sanadule lamya. Anaima chilili ku Kitwe, akumva mwana wao akuwamenyela nkhondo, misozi ili chuchuchu.