Malita anayi pa msewu wa ku Chifunda

A Jethro Goma anali dalaivala wa Landirova ya chipatala chathu ku Chama, ndipo ine ndinali mzamba amene boma linanditaya kumeneko kuchokera ku Kabwe mu 1977. Ndinayenda nawo maulendo osawerengeka, ndiye ndikamati anali munthu wamakani ndikudziwa chimene ndikunena. Anali aafupi, osamwa, osakonda kuseka. Geji ya petulo ya galimotoyo inafa kalekale, choncho iwo ankadalira kandodo kansungwi kamene ankaviika m'thanki.

Zaka zimenezo petulo ankavuta kwambiri. A Jethro anaganiza zoyesa okha kuti galimoto yawo imamwa bwanji. Anadzaza thanki mpaka pakamwa, n'kuyenda msewu wa ku Lundazi, ndipo pobwerako anadzazanso ndi botolo la lita imodzi, akuwerenga mabotolowo. Anachita zimenezi katatu, n'kupeza kuti lita imodzi imawayendetsa makilomita asanu ndi awiri. Anazokota mizere pakandodo kaja, ndipo kuyambira pamenepo munthu sukanawauza kanthu. Chimene sanaganizire, ndiponso ine sindinaganizire, n'chakuti anayesa mu Juni, m'mawa kukuzizira, pamsewu wouma wongopalidwa kumene, m'galimoto ali okhaokha.

Kumapeto kwa Novembala 1979 tinalandira uthenga wochokera ku Chifunda kuti mayi wina, Damaris, wakhala masiku awiri akumva zowawa koma mwana sakubadwa. Ankafunika opaleshoni. Tikukonzeka, ndinakweza m'galimoto jelikeni ya petulo ya malita makumi awiri imene inali m'sitolo ya chipatala, n'kuwauza a Jethro kuti tiinyamule.

"Ba sista, ndodo sinama," anandiyankha. "Thanki imodzi ikwana kupita na kubwera. Manje tikatenga jelikeni, matilesi tizaika kuti?"

Anawonjezera kuti fungo la petulo limasanzitsa odwala. Zinali zoona, ndipo ndinavomera. Jelikeni ija ndinaitsitsa ndi manja angawa.

Kuchigwa kumene kuli Chifunda kunali kotentha ngati m'uvuni. M'mitsinje youma munali mchenga wakuya, moti a Jethro anachotsako mpweya m'matayala n'kumayenda ndi giya yaing'ono, injini ikulira. Mvula yoyamba inali itagwa malo ena, ndipo dothi lakuda lamatope linatigwira kawiri. Pobwerera katundu anachuluka, chifukwa kumeneko wodwala sapita yekha kuchipatala. Anakwera amayi ake a Damaris, azakhali ake, apongozi ake ndi mwamuna wake Gordon, atanyamula thumba la chimanga, nkhuni ndi miphika yophikira kuchitando. Ukanamutsitsa ndani?

Ndinawaona a Jethro akuima kawiri kuviika kandodo. Ulendo wachiwiriwo anakayang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino.

Injini inatsokomola n'kuzima cha m'ma 3 koloko masana, patatsala makilomita khumi ndi asanu ndi atatu kuti tifike ku boma. Gordon anathamanga kukabwereka njinga pamudzi wina kuti akatenge petulo. Ife tinatsitsira matilesi pamthunzi wa mtengo wa tsanya, mthunzi wake wosathandiza n'komwe. Ndinachita zonse zimene ndinkadziwa, koma zimene ndinkadziwazo sizinali opaleshoni. Damaris anamwalira dzuwa lisanalowe, mwana ali m'mimba. Gordon anafika ndi petulo m'chigubu titamufunditsa kale chitenje.

Palibe anawaimba mlandu a Jethro. Abale anati ndi mmene Mulungu anafunira, akuluakulu athu anati ndi msewu. Kunena zoona, ine zimenezi zinkandikwiyitsa, chifukwa tonse awiri tinkadziwa pamene jelikeni inatsala.

Iwo sanasiye ntchito. Anangosiya kutsutsana ndi anthu, ndipo ndinayamba kuwasowa makani awo aja. Anayamba kuyesa galimoto pa chilichonse: pamchenga, pamatope, kukutentha, kukuzizira, matayala ali ofewa, katundu ali wodzaza. Kuyesa kulikonse kunali ndi kandodo kake, mpaka kuseri kwa mpando kunadzaza timitengo ngati kwa sing'anga. Madalaivala anzawo ankawaseka, koma akamapita kuchigwa ankabwera mwakachetechete kudzafunsa. Jelikeni sinatsikenso m'galimotomo ngakhale popita pafupi.

Anapuma pantchito mu 1988, maso atayamba kuvuta. Tsiku lotsazikana anandiitanira kuseri kwa galaja n'kundionetsa kandodo kamodzi kakuda ndi manja. Anandiuza kuti Novembala aliyense, ulendo wa ku Chifunda ukapezeka, pobwerera ankakweza matumba a mchenga olemera ngati anthu aja ndi katundu wawo, kuti aone ngati yankho lingasinthe. Zaka zisanu ndi zitatu, yankho linali lomwelo.

"Malita anayi chabe, ba sista," anatero. "Ndiye yamene inapelewela."

M'jelikeni imene ndinatsitsa ija munali makumi awiri.