Ndinataya Bere, Ndinatayanso Asiyatu

Chizindikiro choyamba chinali kachotupa kolimba ngati njere ya nyemba, m'munsi mwa bere lakumanja. Ndinakapeza ndikusamba, nyengo ya dzinja, patangopita zaka zochepa chiyambireni ndale za zipani zambiri. Sikankapweteka. Ndinkaphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Khombedza, ndipo popeza pulaimale inali yaulere tsopano, ana ankadzaza mpaka pakhonde. Ndinadziuza kuti ndidzapita kuchipatala teremu ikatha. Inatha, ina n'kuyamba.

Pofika nyengo yozizira kachotupa kanali ngati dzira la nkhunda, khungu litakwinyika, ndipo m'khwapa munkakoka ndikamalemba pabolodi. Amuna anga, bambo a Tadala, anandikweza minibasi mochita kundikakamiza. Kuchipatala cha kwathu ananditumiza ku chipatala chachikulu mumzinda, komwe anadula kanyama kukayeza. Zotsatira zinatenga masabata ambiri. Zitabwera, adokotala anati, "Mayi, ndi khansa. Tichotsa bere lonse, kenaka muyamba mankhwala a mudiripi."

M'wodi tsiku linkayamba kusanache. Anamwino ankatiyeza kutentha kwa thupi, magadiyani n'kutuluka kuti ogwira ntchito akolope, ife n'kuyamba kudikira adokotala. Bedi loyandikana ndi langa linali la Asiyatu, mayi wachisilamu wa kwa Maganga, wa ana anayi. Iyenso anamuchotsa bere. Mwamuna wake anali msodzi, ndipo nyengo imeneyo anali ku chilumba cha Mbenji. Ine ndinkalira kwambiri. Asiyatu sankalira, ankandigawira chinangwa chophika, n'kumandiseka kuti aphunzitsi akuopa jakisoni.

Diripi inali yowawa kuposa mpeni. Ndinkasanza mpaka ndulu, m'kamwa munatuluka zilonda, tsitsi linathothoka lonse. Masiku ena tinkayenda ulendo wonsewo n'kukauzidwa kuti mankhwala sanafike, tibwerenso. Kunyumba ndinawonda moti anthu anayamba kunong'ona kuti ndili ndi matenda a masiku ano aja. Makolo ena anachotsa ana awo m'kalasi mwanga. Zimenezi zinandipweteka kuposa bala.

Nthawi imeneyo malonda anali atamasuka, aliyense ankagulitsa chomwe wafuna. Kunja kwa geti ya chipatala kunkaima bambo wina wa jekete, ali ndi chikwama cha mabotolo a makapisozi ndi ufa wobiriwira. Ankati ndi zochokera kunja, zimatsuka magazi ndi kusungunula chotupa chilichonse. Ankalankhula mwaulemu, ankafunsa za ana athu ndipo sankatidikiritsa. Ine ndi Asiyatu tinagula. Ndinkamwa m'mawa ndi madzulo, pamodzi ndi mankhwala akuchipatala.

Ndikapita kukalandira diripi ndinkafikira kwa mlamu wanga Enelesi, amene ankataipa pa ofesi ina yomwe inali ndi kompyuta yotumizira imelo, chinthu chachilendo masiku amenewo. Iye anapeza gulu la amayi odwala khansa a m'mayiko osiyanasiyana omwe ankalemberana. Nthawi ya nkhomaliro ankandikhazika pambali pake, ine n'kumanena, iye n'kumalemba. Kumeneko ndinanena zomwe sindinkauza ngakhale amuna anga: kuti ndinkasamba osayang'ana pachifuwa, kuti ndinkaopa kuti Tadala adzaleredwa ndi mayi wina. Anthu osandidziwa ankayankha. Wina anandilangiza kudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, wina anangoti iyenso ankalira m'bafa.

Nditafunsa za makapisozi, mayankho anasiyana. Ena anawayamikira kwambiri. Koma mayi wina wachikulire anati iye si dokotala, ndipo m'gulumo mulibe amene waona magazi anga. Anati ndinyamule mabotolo onse ndikawaonetse ondithandiza.

Ndinatero. Adokotala anawatembenuzatembenuza, n'kunena kuti, "Palibe akudziwa zomwe zili m'katimu. Magazi anu akuonetsa kuti chiwindi chatopa, ndipo mwina n'chifukwa cha izi. Siyani. Mukudutsa usipa ndi nyemba kwanu kunyanja n'kumagula ufa?" Diripi ya ulendo umenewo anaiimitsa mpaka magazi atakhala bwino.

Ndinamufotokozera Asiyatu pabenchi yodikirira. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Aphunzitsi, inu muli ndi pofikira mumzinda muno. Ine ndikabwera ndimagona pakhonde, ana ali okha kumudzi. Ufa uja sundisanzitsa. Insha Allah ndichira." Ulendo wotsatira sanabwere.

Nditapezako mphamvu, bambo a Tadala ananditenga panjinga kukamuona kwa Maganga. Ndinamupeza atagona pamphasa m'chipinda, akupuma movutikira, bala litatsegukanso. Mwana wake wamkazi wamkulu anali atasiya sukulu kuti azimusamalira. Mabotolo opanda kanthu anali m'lichero pakona. Ndinamuchonderera kuti tibwerere limodzi kuchipatala. Anandigwira dzanja n'kuti, "Tsitsi lanu layamba kumera, aphunzitsi. Alhamdulillah."

Anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Anzathu achisilamu sagoneka maliro, choncho uthenga unandipeza atamuika kale. Ndinapita mawa lake, ndinakhala pansi ndi amayi, ndipo mwana wake wamng'ono anabwera kudzandikhala pamiyendo, osadziwa kuti ndine ndani.

Ine ndinamaliza diripi yonse. Lero ndinapuma pantchito, ndili ndi zidzukulu, ana a Tadala. Dzanja lakumanja limatupa ndikalima kwambiri, ndipo chaka chilichonse ndimapita kukapimidwa. Khansa sinabwererenso. Sindinganene motsimikiza kuti Asiyatu akanapitiriza mankhwala akanakhala moyo. Zimenezo adziwa ndi Mulungu. Koma ndimadziwa kuti tonse awiri tinachedwa kupita kuchipatala.

Amayi anzanga, mukapeza kachotupa, ngakhale kasakupweteka, musadikire kuti teremu ithe kapena mpunga ukololedwe. Pitani sabata yomweyo. Masiku ano magulu olimbikitsana ali pafoni m'manja mwanu; lowanimo, amachotsa kusungulumwa, koma chilichonse chomwe wina wakuuzani kuti mumwe, kachionetseni kaye kwa adokotala. Ndipo ngati mnzanu wa pabenchi sanabwere tsiku lake la mankhwala, musadikire kuti mupeze mphamvu. Tumani munthu akamufune.