Zimene Mayi Khatija Anaika Kuseri kwa Nyumba

Mayi Khatija anabadwira ku Limbe, koma ku Leicester akhalako zaka makumi anayi, ndipo ndi iwo amene amaitanidwa kukasambitsa maliro a amayi achisilamu. Kwa iwo, chochoka pathupi la munthu sichipita m'bini. Ine Tuntufye ndimasamalira amuna awo odwala sitiroko kunyumba kwawo ku Oadby, pafupi ndi Leicester, ndipo ndinakalipiridwapo chifukwa chotaya zikhadabo.

Loweruka lina m'mawa mwana wawo Faraz, bambo wa ana atatu wodziyesa kalipentala, ankacheka matabwa m'galaja. Sowo yamagetsi inam'dula zala zitatu za kumanja. Ndinathamangira naye kukhitchini n'kumanga balalo ndi thaulo. A ambulansi anafunafuna zalazo mu utuchi osazipeza, ndipo poona magazi tinangonyamuka.

Kuchipatala dokotala anati zala zikapezeka msanga, atha kuzilumikiza. Ndinawaimbira foni Mayi Khatija.

"Amayi, funani bwino m'galajamo. Adokotala akuti azibwezeretsa."

Iwo anayankha:

"Azibwezeretsa bwanji, mwanangu? Ine ndaika kale."

Pamene ife tinkalimbana ndi magazi, iwo anali atatola zalazo, kuzisambitsa, kuzikulunga m'kansalu koyera n'kuzikwirira patsinde pa duwa, monga achitira ndi chiwalo cha munthu.

Ndinabwerera pa takisi. Ndinawapeza atagwada m'matope, akufukula ndi manja. Moyo wawo wonse anali asanafukulepo chimene anaika.

Dothi la Januwale, nyengo yachisanu ku Leicester, linali lozizira ngati filiji, ndipo madokotala anati mwina n'limene linathandiza. Anasoka mitsempha maola khumi ndi limodzi. Zala ziwiri zinagwira, koma chachikulu chinada, n'kuchotsedwanso. Palibe anawaloza chala mayiwo. Iwo okha ndi amene amawerengabe maola atatu amene zalazo zinakhala m'dothi, ndipo ine ndimawamvera chisoni.

Patatha miyezi isanu, Faraz anawapatsira supuni ya shuga ataipana ndi zala ziwiri zija. Sanailandire. Anangoyang'anitsitsa zalazo zikupindika, maso ali tong'o, kenako anatembenukira kwa ine.

"Ndasambitsa anthu osawerengeka, Tuntufye, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anabwerako. Ndikanadziwa bwanji?"